Mawu Opita ku Wenya: Kuchokera kwa Mthenga Kufika kwa Mneneri

Wenya ili kum'mwera kwa boma la Chitipa, m'dera la Mfumu Mwenewenya, pamsewu umene umachoka pa Chitipa, kudzera ku Chisenga m'munsi mwa mapiri a Mafinga, n'kulunjika ku Nthalire usanakwere ku Nyika. Kuchoka ku Lilongwe kukafika pa Chitipa pokha ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 700, ndipo ukatsika basi pamenepo Wenya ikadali kutsogolo. Ambiri kumeneko amalankhula Chitumbuka, koma boma lawo ndi la zilankhulo zambirimbiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha ndi zina. Amene akufuna kudziwa ngati boma, kampani kapena bungwe limatha kulankhula ndi anthu, atsate mawu ake mpaka kumalo otere. Aone kuti afika liti, m'chilankhulo chanji, kudzera m'kamwa mwa yani, komanso ngati yankho la anthu lili ndi njira yobwererera.

Ntchito imene lero timaitchula kuti ya mneneri, kapena ya PRO monga amanenera a m'maofesi, sinayambe ndi makampani. Mfumu iliyonse inali ndi nduna ndi amithenga ake. Mthenga ankanyamuka m'mamawa ndi mawu a mfumu, koma ntchito yake inkatha madzulo, atabwerera n'kukhala pansi kufotokoza zimene wamva: amene wakondwa, amene wang'ung'udza, ndi amene wangokhala chete maso ali pansi. Mthenga wobwera ndi nkhani zokoma zokhazokha ankaika mfumu yake pangozi, chifukwa kale anthu akatopa ndi mfumu ankasamuka, n'kuisiya ikulamula mabwinja. Choncho kumva kunali theka la ntchitoyo. Mbiri yonse imene ikutsatirayi ndi ya mmene theka limeneli linatayikira, ndi mmene mabungwe akulifunafuna tsopano.

Kampani yoyamba kudziwika kumtunda kuno inali African Lakes, ija anthu anaipatsa dzina loti Mandala. Inakhazikitsidwa mu 1878, ndipo kuyambira 1881 panayamba kulambulidwa msewu wa Stevenson wochoka ku Karonga kuloza ku nyanja ya Tanganyika, kudutsa dera limene pambuyo pake linatchedwa Fort Hill, Chitipa ya lero. Mandala sinkafuna chikondi cha anthu. Inkafuna amtengatenga ndi minyanga, ndipo wolankhula m'malo mwake anali kapitawo. Boma la atsamunda litakhazikika linabwera ndi munthu wake, mesenjala wa yunifolomu, amene ankayenda midzi ndi mawu a Bwana DC wa ku Karonga, pakuti dera lonseli linkalamulidwa kuchokera kumeneko. Uthenga wa mesenjala unali wodziwika asanatsegule pakamwa: msonkho, kulambula msewu, kapena kukonzekera ulendo wa bwana. Ankabwerera ndi mayina a osakhoma msonkho. Madandaulo a anthu sanali m'gulu la katundu wake.

Amishoni a ku Livingstonia anayenda njira ina. Atasamukira ku Khondowe mu 1894, anaphunzitsa aphunzitsi ndi alaliki amene anabalalika m'midzi ya kumpoto, akulankhula chilankhulo cha eni mudzi, akudya nawo m'mbale imodzi. Anasindikiza mabuku, ndipo pambuyo pake nyuzipepala ya Vyaro na Vyaro. Iwo anazindikira msanga kuti uthenga umalowa bwino ukadzera mwa mwana wa pamudzi. Koma sukulu imaphunzitsa munthu kuyankha. Mu 1912 ophunzira a ku mishoni, mmodzi mwa iwo Levi Mumba, anayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association, n'kuyamba kulemba makalata opita ku Zomba onena za msonkho, maphunziro ndi nkhanza za ogwira ntchito m'boma. Mawu olembedwa anayamba kuyenda chobwerera, kuchoka kwa olamulidwa kupita kwa olamula.

M'zaka zomwezo, kutsidya la nyanja, ntchitoyi inkasanduka ya malipiro. Mu 1906 sitima ya kampani ya Pennsylvania Railroad inachita ngozi ku Atlantic City ku America, anthu oposa 50 n'kufa. Chizolowezi cha makampani panthawiyo chinali kubisa. Ivy Lee, amene ankalangiza kampaniyo, anaiuza kuti ilembe yokha zimene zachitika n'kupereka kwa atolankhani, ndiponso iwalole kukaona pamalopo. Ambiri amati chimenecho ndicho chikalata choyamba cha kampani chopita kwa atolankhani. Edward Bernays anabwera pambuyo ndi nzeru ina, yophunzira mitima ya anthu kuti uikhotetsere kumene ukufuna, ndipo mu 1923 analemba buku lofotokoza ntchitoyi. Kuyambira pamenepo ntchito ya mneneri yakhala ndi mitima iwiri, wina wofuna kuulula, wina wofuna kunyengerera. Ku Nyasaland unayamba kufika ndi wachiwiriwo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la atsamunda linaona kuti mesenjala yekha sakukwanira. Asilikali anali atabwerako ku Burma ndi maso otseguka, ndipo Nyasaland African Congress inali itabadwa mu 1944. Ku Zomba kunatsegulidwa ofesi yofalitsa nkhani za boma, imene inkatulutsa nyuzipepala ya Msimbi ndi kutumiza magalimoto oonetsa kanema m'midzi. Ku Lusaka, wailesi ya Central African Broadcasting Station inkaulutsa mawu m'Chinyanja ndi zilankhulo zina, ndipo mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa kooneka ngati sefuliya, kamene anthu obwera ku migodi ankabwera nako kumudzi. Ndi m'kawailesi kameneka mmene ambiri anamvera koyamba mawu a woimba Alick Nkhata. Nayo WENELA, yolemba anthu ntchito za m'migodi ya ku Joni, inali ndi malo ake pa Fort Hill pomwe panali bwalo la ndege. Iyo sinkasowa wolankhula. Mnyamata wobwera ndi njinga, sutikesi ndi jekete ankailankhulira mokwanira. Za chifuwa chimene ena ankabwera nacho, panalibe amene anatumidwa kudzazifotokoza.

Apa m'pofunika kuima pang'ono, chifukwa zaka za m'ma 1950 zinaphunzitsa phunziro limene mneneri aliyense wa m'Malawi ayenera kulidziwa. Boma linali ndi uthenga wa malimidwe: kupanga mizere yopingasa, kukumba migula, kuzula mapesi pa nthawi yake. Kunena zoona, zina mwa izo zinali zothandiza, makamaka kumalo a mapiri kumene mvula imakokolola nthaka. Koma uthengawo unabwera ndi chindapusa ndi ndende, osafunsa mlimi chifukwa chake amalima mmene amalimira. Anthu anadana ndi mizere chifukwa cha amene anaibweretsa. Pamwamba pa izo panabwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, chimene anthu anachikana poyera kuyambira pachiyambi. Ofalitsa nkhani a boma anayesetsa kuchikometsa, akuwerenga misewu, zipatala ndi ndalama zimene chidzabweretse. Anthu ankamva, n'kumayankha za malo awo ndi ulemu wawo, nkhani zimene munalibe m'mapepala a bomawo.

Mu February 1959 anthu anatseka bwalo la ndege la Fort Hill, ndipo ku mapiri a Misuku otsatira Flax Musopole anaimitsa ulamuliro wa boma kwa kanthawi. Pa 3 March bwanamkubwa Robert Armitage analengeza za ngozi m'dziko, Dr. Banda ndi anzake mazanamazana n'kumangidwa. Boma linauza dziko lapansi kuti Congress inakonza chiwembu chopha azungu, ndiponso kuti anthu wamba alibe vuto ndi chitaganya koma akusokonezedwa ndi anthu ochepa. Komiti ya woweruza Patrick Devlin itafufuza, inapeza kuti chiwembu chonenedwacho chinalibe umboni wokwanira, ndipo kukana chitaganya kunali kwa pafupifupi aliyense. Boma la chitaganya la Roy Welensky silinafooke. Mu 1960 linalemba ntchito kampani ya ku London yotchedwa Voice and Vision kuti ikonze mbiri ya chitaganya, ndipo kampaniyo inkatenga aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Britain kudzawaonetsa zokoma za kuno. Ndalama zinapita kokopa alendo, pamene eni dziko anali atanena kale maganizo awo. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963.

Ufulu utabwera mu 1964, zipangizo zonse zolankhulira zinalowa m'manja mwa Amalawi, ndipo zinakula. MBC inayamba chaka chomwecho, bungwe la MANA linatsatira mu 1966, ndipo unduna wofalitsa nkhani unkatumiza nyuzipepala ya Boma Lathu m'maboma onse. A zaulimi anali ndi magazini ya Za Achikumbi ndi magalimoto achikasu amene ankafika pamudzi madzulo, kupachika chinsalu, anthu n'kusonkhana kuonera kanema wa kathiridwe ka feteleza. Amene anaonako sangaiwale chisangalalo chake. Sindikufuna kupeputsa ntchito imeneyo, pakuti alangizi ambiri anayenda pa njinga mitunda yaitali ndi mtima wofunadi kuthandiza. Koma dziko linali la pakamwa pamodzi. Kampani ngati ADMARC, imene inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, sinkafunika kufotokoza chifukwa chake mtengo wa chimanga uli pamene uli. Inkangolengeza. Ulemu wa kampani unkaoneka pa mphatso imene yapereka pamsonkhano wa Ngwazi Dr. Banda ndi pa tsamba la nyuzipepala lofunira mtsogoleri zabwino pa 6 July.

Kwa anthu a ku Wenya panali chinanso. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'nyuzipepala za boma. Ine ndimalemba m'Chichewa ndipo ndimachikonda, koma sindingabise kuti chigamulo chimenechi chinatseka khutu la boma kumpoto. Mayi wa ku Wenya amene sanapite patali ndi sukulu ankamva za katemera ndi za mitengo ya mbewu m'chilankhulo chimene sankalota nacho. Ndipo ngakhale akanafuna kuyankha, akanayankha kwa yani, wapampando wa chipani ali pomwepo?

Kulankhula kwa mbali imodziku kunaoneka poyera mu 1978, pamene malo osungirako nyama a Nyika, amene anakhazikitsidwa mu 1965, anakuzidwa kuposa katatu. Midzi ya m'mphepete mwa phirili inasamutsidwa. Anthu anasiya minda, manda a makolo ndi malo amene ankafulako uchi. Zifukwa za boma zinalipo, zoteteza nyama ndi magwero a mitsinje ngati North Rukuru, koma anthu anauzidwa tsiku losamuka, osafunsidwa. Chotsatira chake chinali udani wa zaka zambiri pakati pa midzi ndi oyang'anira nyama: misampha, moto wolusa, kuthamangitsana m'tchire. Patapita nthawi a nthambi ya zanyama anayamba kubwerera kwa anthu omwewo chogwada. Analola magulu a alimi a njuchi kupachika ming'oma m'kati mwa malowo, ndipo kenako kunabadwa bungwe la Nyika-Vwaza Association, limene limalandirako gawo la ndalama zolowa pamalowa kuti zithandize midzi yozungulira. Ntchito yolankhula ndi midzi inasanduka udindo weniweni wa ogwira ntchito ku Nyika, chifukwa anaona kuti mfuti yokha singalondere phiri lalikulu chotero.

Chaka cha 1992 chinasintha zonse. Pa 8 March kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse tsiku limodzi, kumpoto m'Chitumbuka, ndipo inafika kumene Boma Lathu sinkafika. Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinatsegula pakamwa pa dziko. Chitumbuka chinabwerera pa MBC mu 1994. Nyuzipepala zinabadwa zambiri, ndipo mtolankhani anayamba kuimba foni ku ofesi kufunsa mafunso amene kale akanamupititsa ku ndende ya Mikuyu. Ndi pamenepa pamene mabungwe anathamangira kulemba aneneri. Apolisi anaika mneneri kulikulu, m'zigawo, mpaka pa boma lililonse. ESCOM, mabungwe a madzi, mabanki ndi maunduna anachita chimodzimodzi. Ambiri mwa olembedwawo anali atolankhani akale, ndipo ntchito yawo poyamba inali ya chishango: kutsutsa nkhani yoipa, kukonza msonkhano wa atolankhani, kujambulitsa bwana akupereka matumba a ufa kuchipatala.

Mawu oti mneneri ali ndi kulemera kumene sitikuganizira kawirikawiri. M'tchalitchi, mneneri ndi munthu amene amauza mfumu zimene sikufuna kumva. Mu ofesi, tinamusandutsa munthu wouza anthu zimene bwana akufuna kuti amve. Njala ya 2001 ndi 2002 inaonetsa kuopsa kwake. Mafumu, ansembe ndi mabungwe ankanena kuti anthu akudya mizu ndi gaga, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, koma boma linachedwa kuvomera mpaka kumapeto kwa February 2002. Nkhani inalipo m'midzi miyezi yonseyo, yosowa woinyamula kupita nayo kumtunda.

Kenako kunabwera zinthu ziwiri zimene zinalanda aneneri mphamvu yosankha nthawi yolankhula. Choyamba ndi mawailesi oima paokha. Zodiak itayamba mu 2005 ndi atolankhani m'maboma, nkhani ya mlatho wokokoloka ku Chitipa inkatha kumveka dziko lonse tsiku lomwelo. Mawailesi a m'madera, monga Tuntufye FM ya dayosizi ya Karonga, anayamba kulankhula zilankhulo za eni dera. Chachiwiri ndi foni ya m'manja. TNM ndi Celtel, imene inadzakhala Zain kenako Airtel mu 2010, anaimika nsanja zawo pang'onopang'ono mpaka kumapiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mlimi amene wagona masiku atatu pa depoti kudikira feteleza safunanso mtolankhani, amangojambula mzerewo n'kuponya pa WhatsApp kapena pa Facebook. Mneneri akamadzuka, nkhani yayenda kale.

Makampani a migodi anakumana ndi dziko latsopanoli maso ndi maso. Mgodi wa uranium wa Kayelekera, umene uli m'mbali mwa msewu wa Karonga–Chitipa, unatsegulidwa ndi kampani ya Paladin ya ku Australia mu 2009. Usanatsegulidwe n'komwe, mabungwe omenyera ufulu anali atapita kale kukhoti mu 2007, ndipo nkhaniyo inatha pokambirana kunja kwa khoti. Zaka zonse zimene mgodiwo unkagwira ntchito, mpaka pamene unaima mu 2014 mitengo itagwa, mafunso a anthu sanasinthe: madzi a mu Sere ndi North Rukuru ali bwino kodi, ana athu alembedwa ntchito zanji, nanga pangano la kampani ndi boma likuti chiyani? Mafunso otere sayankhidwa ndi chikalata cha Chingerezi chotumizidwa ku Blantyre. Lamulo la migodi la 2019 linafika polamula kuti kampani yaikulu ya mgodi izichita pangano la chitukuko ndi anthu ozungulira. Chimene kale chinali chifundo cha kampani chinakhala ngongole yake, ndipo wolankhula ndi mafumu anayamba kukhala nawo pa tebulo pamene zinthu zikugamulidwa.

Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linavomerezedwa ndi aphungu mu December 2016, n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limafuna kuti bungwe lililonse la boma likhale ndi munthu wopereka nkhani kwa wofunsa. Papepala, mphunzitsi wa ku Wenya angathe kufunsa khonsolo ya Chitipa mmene ndalama za chitukuko cha dera lake zayendera. Kuti afike pa ofesiyo m'nyengo ya dzinja, pamsewu wa Rumphi–Nyika–Chitipa umene maboma otsatizana akhala akulonjeza kuuthira phula, ndi nkhani ina. Ndimaona kuti aneneri athu ambiri akadali anthu a m'tauni, oyeza ntchito yawo ndi kuchuluka kwa nkhani zotuluka m'nyuzipepala zimene sizifika n'komwe kumidzi yotere.

Mliri wa Covid-19 unawakumbutsa za midziyo mwankhanza. Matendawa atapezeka m'dziko muno pa 2 April 2020, mphekesera zinathamanga kuposa uthenga wa unduna, ndipo chaka chomwecho mphekesera za anamapopa, zimene zinavutitsa Mulanje ndi Phalombe mu 2017, zinamvekanso kumpoto. Katemera atafika mu March 2021 ambiri anamuopa. Mu May chaka chomwecho unduna wa zaumoyo unatentha poyera katemera 19,610 amene anapitirira masiku ake, kuti anthu aone ndi maso kuti sadzabayidwa mankhwala otha ntchito. Chinali chinthu cholimba mtima, chochitidwa ndi anthu amene anayamba amvetsera chimene anthu akuopa. Komabe amene anatembenuza mitima m'midzi anali alangizi a zaumoyo oyenda khomo ndi khomo, mafumu amene anapinda malaya n'kubayitsa anthu awo akuona, ndi abusa amene analankhula za katemera pa guwa.

Mu June 2023 boma la Malawi linasainirana pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Chikalata cholengeza panganolo chinayenda pa intaneti, ndi zithunzi za mbidzi ndi mapiri obiriwira, ndipo owerenga a ku Lilongwe, Johannesburg ndi London anachiona. Kumunsi kwa phiri, uthenga womwewo uyenera kuyenda monga unkayendera kale. Wina akwere njinga yamoto, akapereke ulemu kwa mfumu, adikire kuti anthu abwere kuchokera kuminda, alankhule m'Chitumbuka pansi pa mtengo. Akamaliza, adzaimirira mkulu wina amene anali mnyamata mu 1978, n'kufunsa za malire, za nyama zoononga mbewu, ndi za manda a bambo ake amene anatsala m'kati mwa phiri. Wa njinga yamoto uja adzalemba m'kabuku kake, dzuwa likupendeka, n'kuyamba ulendo wobwerera ku ofesi.